Njanji za Mgodi wa Nyamalasha

MUTU 4

1. Zimene kampani inasiya

Kumadzulo kwa boma la Chikwawa, kufupi ndi malire a Mozambique, kuli kamtsinje kotchedwa Nyamalasha. M'chilimwe kamtsinjeko ndi mchenga wokhawokha, moti ndi nkhuku yomwe imawoloka osanyowa. Koma mvula ikagwa kumapiri kamasanduka chilombo. Madzi ake amabwera akuda bii chifukwa cha malasha amene ali m'nthaka ya kumeneko.

Kumtunda kwa kamtsinjeko kunali mgodi wakale. Nthawi ya atsamunda kunabwera kampani ina ya azungu, inaboola phiri ndi kuyamba kukumba malasha. Tsiku lina denga la mgodi linagwa anthu ali m'kati. Kampaniyo inalongedza katundu wake ulendo, osatsazika ngakhale amasiye.

Inasiya chumuni chong'aluka, mulu wa malasha umene sunamerepo udzu, ndi chingolovani chimodzi, ngolo yachitsulo yokankhiramo malasha, chitagona chadodolido m'thengo. Njanji zonse zoyendapo zingolovani anazula. Zinatsala ziwiri zokha, zotulukira pansi pa miyala imene inatseka khomo la mgodi. Sikuti anazisiya chifukwa cha chifundo ayi, zinangowakanika poti phiri linali litazikhalira.

Lorenso, mnyamata wa Sitandade 7 pasukulu ya Nyamalasha, ankawadziwa bwino malowa. Bambo ake, a Ignasio, anali mmodzi wa anthu amene anatsalira m'phirimo iye akadali m'mimba. Nkhope yawo sanaione, ndipo chithunzi panalibe.

Amasiye ena ali ndi manda okasesa. Mayi Clotilda, mayi ake a Lorenso, manda analibe. Iwo anali ndi njanji.

Pakhomo pakachitika kanthu, kabwino kapena koipa, mayiwa ankapita kumgodi. Ankagwada pambali pa njanji ya kumanzere, kutola mwala ndi kugogoda kawiri, kupuma pang'ono, kenaka kamodzi. Akatero ankaika khutu pachitsulocho ndi kudikira. Pomaliza ankayamba kufotokoza.

"Bambo a Lorenso, mwana wanu uja wamera mano." Chaka china: "Thonje lagwa mbozi, koma mapira tapata." Chaka chinanso: "Mwana wanu wayamba sukulu. Akuti mutu ndi wanu womwewo."

Ali wamng'ono, Lorenso ankaukonda ulendowu. Nayenso ankaika khutu. Ngakhale dzuwa la Chikwawa likhale lowaula chotani, njanjiyo inkazizira, ndipo m'ming'alu ya miyala munkatuluka kamphepo kochititsa nthumanzi. Yankho sanalimvepo, koma pobwerera ankamva ngati wachokera kwa bambo ake.

Zinasokonekera pamene Kalioti, mnzake wa m'kalasi, anawaona tsiku lina akudyetsa mbuzi. Kalioti pakamwa pake panalibe chitseko. Sabata isanathe, sukulu yonse inali ikudziwa kuti mayi ake a Lorenso amacheza ndi chitsulo, ndipo mnyamatayo anapatsidwa dzina loti Mwana wa Njanji. Dzinali linkamuwawa kwabasi. Kuyambira pamenepo, mayi ake akati tiye kumgodi, iye ankapeza chonena: lero mutu, mawa homuweki.

2. Sabata ya Achinyamata

M'chaka cha 1974, mvula ili pafupi kutsazika, inakwana Sabata ya Achinyamata. Masiku amenewo achinyamata onse m'dziko muno ankasiya makope sabata yathunthu ndi kugwira ntchito za chitukuko. Ku Nyamalasha kunatumizidwa a Wiliyamu, a Payoniya ochokera ku Dowa, kuti adzatsogolere ntchitoyo. Anali munthu wamtali, wa yunifolomu yosita bwino, wosakonda zocheza koma wopanda nkhanza.

Msonkhano unachitikira pansi pa mlambe wa pasukulu. Nkhani inali ya mlatho, ndipo kunena zoona mlathowo unkafunikadi. Ana a kutsidya ankajomba mvula ikagwa. Mwezi wapitawo kamtsikana ka Sitandade 2, Esinala, kanakokoloka ndi madzi, mwamwayi kanakakamira muzu wa msau mpaka anthu anakavuula.

"Ulalo wa mitengo mwayesa kangapo," anatero a Wiliyamu. "Chiswe chimadya, madzi amatenga. Tikanapeza zitsulo ziwiri zazitali zoyala pansi, nkhani ikanatha. Alipo akudziwa kumene tingazipeze?"

Akuluakulu amene anali pamenepo anangoti zii, maso pansi. Onse ankadziwa kumene kunali zitsulo, ndipo onse ankadziwa chifukwa chimene zinakhalira kumeneko.

Koma mtima wa mnyamata ndi wovuta. Lorenso anali atatopa ndi kusekedwa, ndipo anafuna kuti tsiku limodzi lokha anthu amuyang'ane ndi maso ena. Asanaganize n'komwe, mkono unali m'mwamba.

"Zilipo, bwana. Kumgodi wakale. Ziwiri, zazitali, zolimba."

"Tamumvani mnyamatayu!" anatero a Wiliyamu mosangalala. "Dzina lako?"

"Lorenso Ignasio."

"Muwombereni m'manja Lorenso. Achinyamata ofunika m'dziko muno ndi otere. Lachinayi utitsogolera ndiwe."

Manja anawombedwa. Ngakhale Kalioti yemwe anawomba nawo. Lorenso anamva kukoma mpaka kumapazi, ndipo pokhala pansi chifuwa chinali patsogolo ngati tambala.

Kukomako kunathera pakhomo. Anapeza mayi ake akumanga phukusi.

"Azakhali ako adwalika ku Nchalo," anatero mayi Clotilda. "Mawa m'mamawa ndinyamuka, ndibwerako Loweruka. Ndikangofika tipite kwa bambo ako. Aphunzitsi andiuza kuti mayeso apitawa wakhala nambala wani. Nkhani imeneyi sindikanena ndekha ayi, ukawauze ndi pakamwa pako. Papita nthawi asanamve mawu ako, mwananga."

Lorenso anayang'ana kumbali. Anangogwedeza mutu ndi kupita kukatsekera mbuzi, ngakhale dzuwa linali likadalipo.

3. Chenjezo la bambo Kaitano

Mwa anthu onse amene anagwirapo ntchito mumgodi uja, m'mudzimo munatsala mmodzi yekha, bambo Kaitano. Kwawo kunali ku Mutarara, kutsidya kwa malire ku Mozambique. Mgodi unawasiyira chifuwa chosamva mankhwala, moti khasu linawakanika, ndipo ankangoluka madengu a thonje pansi pa msau wa pakhomo pawo.

Lachitatu masana Lorenso ankadutsa pamenepo atasenza tcheni chokokera ng'ombe.

"Mphale, mnyamata iwe, tabwera kuno," anaitana bambo Kaitano. "Tula chitsulocho ukhale pansi."

Lorenso anakhala. Mkuluyo anatsokomola kwa kanthawi, kenaka anayamba.

"Ndamva zimene unanena pamsonkhano. Sindikukalipira ayi, nkhabe. Ndikufuna ndikuuze zimene amayi ako sanathe kukuuza, poti iwo anali kunja, ife tinali m'kati.

"M'phiri muja mawu a munthu sayenda. Ukhoza kukuwa mpaka kummero kuuma, mnzako ali kuseri kwa mwala osamva kanthu. Choyenda ndi chitsulo chokha. N'chifukwa chake tsiku loyamba kulowa ntchito, usanapatsidwe nyali kapena fosholo, ankakuphunzitsa kugogoda njanji. Denga likagwa, amene ali kunja amagogoda kawiri, kupuma, kenaka kamodzi. Kumeneko ndi kunena kuti tilipo, tikubwera. Amene ali m'kati amayankha katatu motsatizana. Kumeneko ndi kunena kuti tili moyo.

"Tsiku limenelo ine ndinali nditangotuluka ndi chingolovani. Kumbuyo kwanga kunamveka ngati bingu, fumbi linatuluka lakuda ngati utsi wa matayala. Litachepa fumbilo, ndinagwada panjanji ya kumanzere ndi kugogoda. Mwana iwe, anayankha! Ndipo dzanja ndinalidziwa. Bambo ako ankamenya chitsulo ngati akukwiyira munthu.

"Tinakumba ndi mafosholo, tinakumba ndi manja. Tikachotsa mwala umodzi, phiri linkagwetsa ina. Ife kugogoda, iwo kuyankha. M'mawa mwake anayankha, tsiku linalo anayankhanso, koma dzanja linali litafooka. Kenaka bwana wa kampani anati basi, tisawonjezere maliro, ndipo anaika alonda pakhomo. Ine ndinkazemba kukagogodabe, kuti asafe akuganiza kuti tawataya. Mawu omaliza amene anthu aja anamva kuchokera kudziko lino anali akuti tikubwera. Mpaka lero sitinafike.

"Ndiye amayi ako akamagogoda, usamati apenga. Akusunga mawu amene tinasiya.

"Chachiwiri ndi ichi. Phiri lija lakhalira njanjizo ngati nkhuku pamazira. Mukazikoka, miyala isuntha. Ndipo m'mgodi wotsekedwa mumakhala mpweya woipa. Suoneka, sununkha. Umangomva tulo tokoma, ukakhala pansi basi sudzukanso. Pakatseguka bowo, munthu asayerekeze kulowetsamo mutu."

"Nanga bwanji osakawauza a Wiliyamu inuyo, bambo?" anafunsa Lorenso motsitsa mawu.

Bambo Kaitano anaseka pang'ono, kusekako kunathera m'chifuwa.

"Ine? Munthu wobwera, wa kutsidya kwa malire? Ndingoti tsegu pakamwa, ena anena kuti Kaitano akutsutsa chitukuko, mawa lake ndili pa lole ya apolisi. Akuluakulu onse aja anakhala chete chifukwa cha mantha omwewo. Koma iwe ndi mwana wa mwini malo. Palibe boma limene limafukula manda mwana wa malemu ataimirira pomwepo. A Wiliyamu ndi mlendo, sakudziwa kanthu. Ungowauza mawu ochepa: muli bambo anga umu. Akakakamira, uwapatse njanji ya kumanja, ina ija asiye. Mawu amenewa palibe angakunenere."

Lorenso anayang'ana nyerere zimene zinkadutsa pafupi ndi phazi lake.

"Ndamva, bambo."

"Takhuta, zikomo. Senza tcheni chako uzipita."

4. Funso la a Wiliyamu

Lachinayi m'mawa gulu linanyamuka ndi nyimbo. Patsogolo panali Lorenso ndi a Wiliyamu, pambuyo ng'ombe ziwiri zapagoli. Ena ananyamula mahamala, ena tchizulo, wina botolo la palafini, ndipo sipanala yaikulu anabwereka kwa makaniko wina wa kumunda wa nzimbe.

Atadutsa chumuni chong'aluka chija, nyimbo inayamba kuchepa. Pofika pamulu wa malasha inali itazimiratu, popanda woiletsa. Malowo anali duu, ndi mbalame zomwe kunalibe. Chapatali, pamthunzi wa mtengo wa tsanya, panaima bambo Kaitano atatsamira ndodo.

A Wiliyamu anazungulira njanji zija akugwedeza mutu mokhutira. Kenaka anaima. Panjanji ya kumanzere panali malo amodzi opanda dzimbiri, onyezimira ngati supuni yatsopano. Pambali pake panali mwala wosalala wokwana m'manja, ndipo udzu wa pamenepo unali wozulidwa bwino.

Mkuluyo anavula chipewa.

"Taimani kaye," anatero. "Pano pamabwera munthu. Ine ndine mlendo, koma kwathu malo otere sitiwagwira wamba. Ndamva kuti mgodiwu unagwa kalekale. Kodi anthu anawatulutsa? Ngati alipo amene ali ndi mbale wake m'phirimu anene tsopano, zitsulo tikafuna kwina."

Maso onse anatembenukira kwa Lorenso. Njira inali itatseguka yokha, a Wiliyamu anali atamuyalira mphasa. Chinatsala n'kungonena mawu aja.

Pamenepo Kalioti anatsokomola mwachipongwe.

"Mufunseni Mwana wa Njanjiyo, bwana. Zitsulozi ndi abale ake. Iyi ndi bambo ake, iyo ndi amalume ake."

Kuseka kunabuka. Atsikana anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka. Lorenso anamva kutentha kumaso ngati wayandikira ng'anjo.

"Chete!" anakalipa a Wiliyamu. "Lorenso, ndikufunsa iwe. Muli munthu wako umu?"

Lorenso anayang'ana kumtengo wa tsanya. Bambo Kaitano anali akumuyang'ana. Anayang'ananso anzake aja, milomo yawo ili yokonzeka kusekanso.

"Mulibe munthu, bwana," anatero mokweza. "Ndi zitsulo chabe. Zinazo ndi nkhani za anthu akale."

"Tsobola wakale sawawa!" anakuwa Kalioti, uku akumumenya pamsana ngati mnzake wa pamtima.

Kumtengo kuja bambo Kaitano anaweramitsa mutu. A Wiliyamu anamuyang'anitsitsa Lorenso kanthawi, kenaka anavala chipewa chawo ndi kulamula kuti ntchito iyambe.

Polumikizira njanji panali m'mphepete mwenimweni mwa miyala ija. Anathira palafini pamabawuti, anapotokola ndi sipanala. A kumanja anamasuka. A kumanzere anakana, dzimbiri litawagwira zolimba.

"Mwini nzeru adule yekha," anatero a Wiliyamu, akumupatsa Lorenso hamala.

Mnyamata wina anagwirizira tchizulo pabawuti. Lorenso anamenya kawiri. Thukuta linamulowa m'maso, anaima kuti apukute, kenaka anamenya kamodzi ndi mphamvu zake zonse. Bawuti linaduka.

Kulira kwa chitsulo kunalowa m'phiri, kunkerankera mpaka kuzimirira. Ndi pamene Lorenso anazindikira chimene manja ake ananena. Kawiri, kupuma, kamodzi. Anali atawauza bambo ake kuti tikubwera, ndi hamala yomweyo yodulira njira. Hamala inagwa yokha m'manja.

Anakoleka tcheni. Ng'ombe zinakana, zinafwenthera ndi kubwerera m'mbuyo, mpaka mkwapulo unalira. Zitakoka, njanji zinatuluka zikulira mokwekwereza. Nthawi yomweyo phiri linabangula. Miyala inagudubuzika, fumbi lakuda linaphimba dzuwa, ndipo aliyense analiyatsa liwiro. Kalioti wa pakamwa uja ndiye anali patsogolo pa onse.

Mwamwayi palibe anavulala. Fumbi litachepa, anaona kuti nsonga za njanji zotsalira m'phiri zakwiririka pansi pa mulu watsopano wa miyala. Pamwamba pa muluwo panali patatseguka bowo lakuda, lalikulu ngati khomo la nkhokwe, ndipo linkapuma mphepo yozizira.

A Wiliyamu analamula kuti atseke bowolo ndi nthambi za minga, ndipo anachenjeza kuti wopezeka pafupi adzaona zakuda.

5. Mlatho

Lachisanu lonse anagwira ntchito pamtsinje. Anayala njanji zija kuchokera gombe lino kufika gombe linalo, anamanga miyala m'mbali, ndi kuyala mitengo ya tsanya pamwamba. Mlathowo unaoneka bwino, zimenezo palibe angatsutse.

Loweruka m'mawa mudzi wonse unasonkhana kudzautsegulira. Amayi anavina, ana anathamangathamanga pamwamba pake, ndipo Esinala ndiye anasankhidwa kuwoloka poyamba. A Wiliyamu anatchula dzina la Lorenso pamaso pa anthu onse. Manja anawombedwa kuposa tsiku lija, koma ulendo uno sanamve kukoma. Usiku wathawo nsima inali itamukanika.

Chisangalalo chili m'kati, kutsidya kunatulukira mayi wina atasenza phukusi. Anali mayi Clotilda, akuchokera ku Nchalo. Ataona mlatho anamwetulira, nafulumiza mapazi.

Phazi limodzi lili m'mwamba kuti aponde, anaima. Cha kumapeto kwa mlathowo, pamene mitengo inasiya mpata, panaoneka chitsulo chokhala ndi malo onyezimira. Malo amenewo anawanyezimiritsa ndi iwo, chaka ndi chaka, ndi dzanja lawo.

Anatula phukusi. Anatola mwala, anagwada, nagogoda kawiri, kupuma, kamodzi. Anaika khutu. Ng'oma inasiya kulira.

Chitsulocho chinalira pang'ono n'kuthera pomwepo. Chikanapita kuti? Mbali iyi chinathera m'dothi la gombe, mbali inayo chimodzimodzi.

Mayi Clotilda anadzuka pang'onopang'ono.

"Anawalozera ndani?" anafunsa.

Akuluakulu anayang'ana kumbali. Koma mwana sadziwa kubisa. "Ndi a Lorenso!" anakuwa Esinala monyadira. "Atiwombetsa m'manja kawiri!"

Lorenso anawoloka mlatho, nakaima pamaso pa mayi ake. Ankayembekezera khofi, ndipo akanalilandira ndi manja awiri. Koma mayiwo sanakweze dzanja, ngakhale mawu.

"Anakukakamiza?"

"Ayi, amayi."

A Wiliyamu anali atayandikira, chipewa chili m'manja. "Mayi, ine ndinafunsa," anatero mwaulemu. "Ndinafunsa ngati m'phirimo muli munthu."

"Ndiye iwe unati chiyani?"

Lorenso anayang'ana pansi. Misozi inayamba kutsika.

"Ndikufunsa, mwananga. Unati chiyani?"

"Ndinati mulibe munthu."

Mayi Clotilda anatseka maso kanthawi. Atawatsegula analankhula mofatsa, koma anthu onse anamva.

"Mlathowu ndi wabwino. Ana awoloke, asafere m'madzi. Ukanandipempha, chitsulo chimodzi ndikanakupatsa, ndipo bambo ako sakanakana, anali munthu wopatsa. Chimene chandilasa si chitsulo ayi. Bambo ako sanakuone, koma sanakukane. M'mawa wa tsiku limene analowa m'phiri muja anagwira mimba yanga, nati akakhala wamwamuna dzina lake ndi Lorenso. Dzina limene akuliwombera m'manjali anakusiyira ndi munthu amene iwe wati kulibe."

Atatero anasenza phukusi lawo. Sanaponde mlatho. Anatsikira kumtsinje, anakwinya chitenje, nalowa m'madzi akuda aja mpaka m'chiuno. Anawoloka okha anthu onse akuyang'ana, ndipo atatuluka analunjika kunyumba osacheuka.

Palibe anaseka. Kalioti anali akukumba pansi ndi chala cha kuphazi. Madzi akatayika sawoleka, ndipo Lorenso analimva tanthauzo la mawuwa tsiku limenelo.

6. Bowo la paphiri

Sanapite kunyumba. Nkhope yokaonetsa mayi ake analibe. Anatola khasu limene wina anasiya pagombe ndi kuthamangira kumtunda. Maganizo ake anali amodzi: akafukule miyala ija mpaka apeze nsonga ya njanji ya kumanzere, ngakhale zimutengere mwezi, kuti mayi ake apezenso pogogoda.

Anafika dzuwa lili paliwombo. Mulu wa malasha unkatentha ngati chiwaya. Pamene panali njanji panatsala mizere iwiri m'dothi, ndipo mwala wosalala wa mayi ake unali utagona pambali.

Anayamba kukumba. Khasu linkangodumpha pamiyala. Anataya khasu nayamba kugudubuza ndi manja, koma akachotsa umodzi, ina inkatsetsereka kuchokera pamwamba kudzatseka pomwepo. Zikhadabo zinayamba kutuluka magazi. Anakumbukira mawu a bambo Kaitano, ndipo analira mokweza poti panalibe womuona.

Atakweza maso kuti apukute misozi, anayang'ana kubowo kuja. Nthambi za minga zija zinali zitakankhidwira pambali. Bowo linali pululu.

Anakwera mulu uja chokwawa. Pakhomo pa bowolo, pamwala wafulati, panali chipewa cha mlaza ndi ndodo, zitaikidwa mwadongosolo ngati mmene munthu amachitira akafika pakhomo pa eni ake. Lorenso anazidziwa. Pamwambo wotsegulira mlatho bambo Kaitano sanaoneke, ndipo palibe anafunsa za iwo.

"Bambo Kaitano!" anakuwa. "Bambo Kaitano, tulukani! Munanena nokha za mpweya woipa!"

Mdima unameza mawu ake osabweza ngakhale limodzi. Mphepo yozizira inamuwomba kumaso. Kumudzi kunali kutali, ndipo anthu onse anali kumlatho.

Anakuwanso mpaka kummero kunawawa. Kenaka anakhala chete kuti apume.

Ndi pamene anamva. Kunachokera pansi penipeni, kutali m'mimba mwa phiri, chitsulo chikulira mofooka.

Ngwe. Ngwe. Ngwe.

Katatu motsatizana. Tili moyo. Kaya linali dzanja la bambo Kaitano, kaya la munthu wina amene anamva hamala ija Lachinayi, iye sanadziwe. Chimene anadziwa n'chakuti wogogodayo akudikira yankho, ndipo m'phiri mawu a munthu sayenda.

Kunamvekanso katatu, mofooka kuposa poyamba.

Anatsika mulu uja chogubuduka, anatola mwala wosalala wa mayi ake ndi kugwada pamalo pomwe iwo ankagwada. Anakweza dzanja kuti ayankhe kuti tilipo, tikubwera.

Pogogoda panalibe.